Chiphunzitso Tisunge, Mwala Titule

Pali nkhani zina zimene makolo athu sankazikamba pabwalo, ndipo ngakhale lero munthu wodzilemekeza amayamba wapepesa asanazitchule. Nkhani ya amuna okwatirana okhaokha, kapena akazi okhaokha, ndi imodzi mwa izo. Pepani tsono kuti mwezi uno tailowetsa m'magazini ya banja. Tachita zimenezi chifukwa nkhaniyi inalowa kale m'nyumba zathu ife tisanaiitane. Inadzera pa wailesi, pa kanema, m'mafoni a ana athu, ndiponso pakamwa pa andale nthawi ya kampeni. Kholo likakhala chete, mwana amakafunsa kwina.

Ife kuno ku Shimabala timakhala m'mphepete mwa msewu waukulu wochoka ku Lusaka kudzera ku Chilanga kupita ku Kafue. Usana ndi usiku malole opita ku Chirundu ndi ku Livingstone amaima pa geti yolipirira msonkho wa msewu, ndipo m'bandakucha uliwonse anyamata ndi atsikana athu amakwera maminibasi kupita mumzinda, ena ku ntchito, ena ku makoleji. Madzulo pobwerera amanyamula ndiwo m'manja, ndipo m'mitu mwawo amanyamulanso mafunso. Pa zaka zimene takhala tikuphunzitsa katekisimu, mafunso a achinyamata asintha kwambiri. Kale ankatifunsa chifukwa chake Akatolika amalemekeza Amayi Maria. Lero amatifunsa chifukwa chake Eklezia amadana ndi anthu ena. Funso lotere likachokera kwa mwana wobatizidwa, wolandira Ukaristia, sitingaliyankhe ndi kukalipa.

Zimene akutinenera

Alipo anthu, makamaka ku Ulaya ndi ku America, komanso ena ophunzira a m'mizinda yathu, amene amadzitcha opita patsogolo. Ambiri mwa iwo ndi anthu a mtima wabwino: amamenyera ufulu wa amayi, amadzudzula nkhanza, amateteza amphawi. Koma pa za Mulungu maganizo awo ndi akuti chipembedzo ndi nkhani ya munthu payekha, ya m'chipinda mwake ndi m'tchalitchi mwake, ndipo sichiyenera kutulutsa mawu pamene dziko likupanga malamulo. Pa nkhani imene tili nayo lero amatineneza zinthu zitatu. Choyamba, akuti kukana ukwati wa amuna okhaokha ndi tsankho lofanana ndi lija la atsamunda, pamene agogo athu ankagulira nyama pa kawindo ka kuseri chifukwa cha khungu lawo. Chachiwiri, akuti Akhristu a mu Africa ndi nkhosa zimene wandale aliyense amazikusa mosavuta akangofuula dzina la Yesu. Chachitatu, akuti timakwiya msanga ndi machimo a m'chipinda cha anzathu, pamene wakuba chuma cha dziko timamupatsa mpando wa kutsogolo m'tchalitchi.

Choyambacho tikuchikana, ndipo tifotokoza chifukwa chake. Koma ziwiri zotsatirazo tisafulumire kuzitaya. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo nthawi zina Mulungu amatuma ngakhale munthu wosapemphera kuti adzatsine khutu la opemphera.

Pamene Eklezia waima

Chiphunzitso cha Eklezia pa ukwati sichinasinthe. Ukwati ndi chipangano cha moyo wonse pakati pa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, chokhazikitsidwa ndi Mlengi kuti awiriwo athandizane, alandire ana ndi kuwalera, ndipo pakati pa obatizidwa Ambuye Yesu anachikweza kukhala sakramenti. Makolo athu, asanamve n'komwe belu la mishoni, ankadziwa mbali ina ya choonadi chimenechi. N'chifukwa chake kwathu kuno ukwati sumangidwa ndi awiri okha: pamakhala ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi, pamakhala alangizi, pamakhala mabanja awiri amene amalumikizidwa ndi ana odzabadwa. Eklezia akamanena kuti amuna awiri sangamange ukwati, sakuwayesa anthu operewera monga atsamunda ankamuyesera munthu wakuda. Akunena za chimene ukwati uli. Khungu la munthu silikhudza tanthauzo la ukwati, pamene umuna ndi ukazi ndiwo maziko ake enieni.

Pa 18 Disembala 2023 likulu la Eklezia ku Roma linatulutsa chikalata chotchedwa Fiducia Supplicans, chimene chinalola ansembe kupereka dalitso lalifupi, la kunja kwa mwambo wa Misa ndi wa ukwati, kwa anthu okhala pamodzi mosalongosoka, kuphatikizapo mwamuna wokhala ndi mwamuna mnzake. Chikalatacho chinanenetsa kuti dalitsolo si ukwati ndipo lisafanane ndi ukwati, komabe chinadzetsa chisokonezo chachikulu. Pasanathe sabata, maepiskopi a ku Malawi ndi a kuno ku Zambia analengeza kuti madalitso otere sadzaperekedwa m'mayiko awo, ndipo pa 11 Januwale 2024 Kadinala Fridolin Ambongo wa ku Kinshasa, m'dzina la maepiskopi a mu Africa, analemba kalata yonena zomwezo atakambirana ndi Papa Francis. Papa Leo XIV nawonso, atangosankhidwa mu Meyi 2025, anakumbutsa akazembe a mayiko kuti banja limaima pa mgwirizano wokhazikika wa mwamuna ndi mkazi. Pa mfundo imeneyi tsono Mkatolika asagwedezeke mtima.

Koma Katekisimu yemweyo amene pa ndime 2357 amati mchitidwewo ndi wosaloledwa sathera pomwepo. Ndime yotsatira, ya 2358, imatilamula kulandira anthu amene ali ndi chilakolako chotere monga anthu anzathu, powapatsa ulemu ndi kuwachitira chifundo, ndipo imaletsa kuwasala mopanda chilungamo. Ndime ya 2359 imawaitanira ku moyo wodzisunga, monganso amaitanidwira mbeta, mnyamata wosakwatira, wamasiye ndi wansembe. Ndime zitatuzi zinalembedwa motsatizana kuti ziziwerengedwa pamodzi. Amene amawerenga yoyamba mokweza n'kumeza yachiwiri akuphunzitsa theka la chikhulupiriro cha Katolika, ndipo theka la mankhwala silichiza wodwala.

Mlandu wa ku Kapiri Mposhi

Kuti tisangoyankhula za m'mabuku, tikumbukire zimene zinachitika m'dziko lathu lomwe lino. Mu 2017 amuna awiri anagwidwa pa nyumba ina yogona alendo ku Kapiri Mposhi, ndipo mu Novembala 2019 Khoti Lalikulu linawalamula kukhala m'ndende zaka 15. Kazembe wa America pa nthawiyo, a Daniel Foote, ananena poyera kuti chigamulocho chawachititsa nthumanzi, nayerekeza zaka 15 za amuna awiriwo ndi ufulu wa akuluakulu oba ndalama za boma amene saliona n'komwe khomo la ndende. Boma la malemu Edgar Lungu linakwiya, linati silingagwirenso ntchito ndi kazembeyo, ndipo mu Disembala chaka chomwecho dziko la America linawaitanitsa kwawo. Anthu ambiri anaomba m'manja kuti dziko la Chikhristu laonetsa mano. Patangopita miyezi isanu, mu Meyi 2020, pa tsiku lokumbukira ufulu wa Africa, Pulezidenti yemweyo anawakhululukira amuna awiriwo mwakachetechete, pamodzi ndi akaidi ena pafupifupi 3,000. Ku Malawi zinayendanso chimodzimodzi mu 2010. Anthu awiri amene anachita chinkhoswe ku Blantyre analamulidwa zaka 14, ndipo pasanathe milungu iwiri a Bingu wa Mutharika anawamasula atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations, a Ban Ki-moon.

Nanga pa zonsezi ndani anatembenuka mtima? Ndi banja liti la ku Kafue kuno limene linalimba chifukwa cha zaka 15 zija? Kazembe anapita kwawo, andale anapeza poyankhulira, manyuzipepala anayenda malonda, ndipo otsala ndi manyazi ndi mantha anali anthu wamba ndi abale awo. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Tchimo ndi mlandu

Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri amaziphatikiza, ndizo tchimo ndi mlandu wa boma. Chigololo ndi tchimo lalikulu, ndipo chapasula mabanja osawerengeka m'maparishi athu, koma wachigololo sapita ku ndende zaka 15. Zikavuta amangolipitsidwa ku khoti laling'ono. Mitala Eklezia amaikana, koma malamulo a dziko amailola m'maukwati a chikhalidwe. Kujomba Misa ya Lamulungu popanda chifukwa ndi tchimo, koma palibe wapolisi amene anamangapo munthu pa chifukwa chimenecho. Tomasi Woyera wa ku Aquino anaphunzitsa kale m'zaka za m'ma 1200 kuti malamulo a anthu sangaletse zoipa zonse, koma makamaka zija zopweteka ena, monga kupha ndi kuba, zimene popanda kuziletsa anthu sangathe kukhalira pamodzi.

Lamulo limene linamanga amuna a ku Kapiri Mposhi, ndime 155 ya malamulo a zilango, silinachokere pa bwalo la Kalonga Gawa Undi kapena la mfumu ina iliyonse ya dziko lino. Linabwera ndi boma la Angelezi m'zaka za m'ma 1930, dziko lino likadali Northern Rhodesia, ndipo nyumba yathu ya malamulo inalikhwimitsa mu 2005. Eni akewo analifafaniza kwawo mu 1967, ndipo kuyambira 2014 ku England amuna okhaokha amakwatirana mwalamulo. Chodabwitsa n'chakuti mu 2011 nduna yaikulu ya Britain, a David Cameron, anaopseza kuchepetsa thandizo kwa mayiko osunga malamulo amene agogo awo omwe anatisiyira.

Nanga ku Roma akuti chiyani? Mu Disembala 2008, nthawi ya Papa Benedict XVI, nthumwi za Papa ku United Nations zinapempha mayiko kuti achotse zilango za boma kwa anthu otere. Mu Januwale 2023 Papa Francis ananena kuti kukhala ndi chilakolako chotere si mlandu, ndipo kuti malamulo omanga anthu pa chifukwa chimenechi ndi osalungama. Anabwerezanso mawuwo mu Febuluwale pochokera ku South Sudan. Chikalata cha Dignitas Infinita cha mu Epulo 2024, chimene chimadzudzula kwambiri chiphunzitso chakuti munthu angadzisankhire yekha umuna kapena ukazi, chimadzudzulanso kumanga, kuzunza ndi kupha anthu chifukwa cha nkhani imeneyi. Akatolika a mtima wabwino, ngakhale abusa athu ena mu Africa, amasiyana maganizo pa zoyenera kuchita ndi malamulo a dziko, ndipo ife akatekisti si aphungu a nyumba ya malamulo. Koma wina asatinamize kuti aliyense wosafuna ndende ndiye kuti akufuna ukwati wa amuna okhaokha. Izi ndi nkhani ziwiri, ndipo Eklezia amazisiyanitsa.

Wandale akavala mkanjo wa mpingo

Tsopano tifike pa chinenezo chija chakuti ndife nkhosa za andale. Pa 29 Disembala 1991 a Frederick Chiluba analengeza ku State House kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu. Maepiskopi athu, pamodzi ndi atsogoleri a mipingo ina, anadandaula kuti sanafunsidwe, nachenjeza kuti dziko limadziwika Chikhristu chake ndi ntchito zake. Chenjezolo silinachedwe kupherezera. Mu 1996 mawu akuti dziko la Chikhristu analowa m'chiyambi cha malamulo aakulu a dziko, ndipo m'kusintha komweko munalowanso ndime yakuti munthu amene makolo ake sanabadwire m'Zambia asaime pa upulezidenti. Aliyense anadziwa mwini wa msamphawo: a Kenneth Kaunda, amene bambo awo, a David Kaunda, anachokera ku Nyasaland kudzalalikira Uthenga Wabwino ku Lubwa. Dzanja lomwe linalemba dzina la Khristu pamwamba linalembanso tsankho m'munsi mwake.

Kuyambira pamenepo chisankho chikamayandikira chimabwera ndi nyimbo yake yonyoza. Mu 2011 otsutsana ndi a Michael Sata, amene anali Mkatolika wodziwika, anafalitsa kuti iwo akalowa m'boma adzapereka ufulu kwa amuna okondana okhaokha. Anapambana, analamula mpaka imfa yawo mu 2014, ndipo palibe chotere chinachitika. M'zaka zotsatira matope omwewo, osakaniza ndi a usatana ndi a mtundu wa munthu, anaponyedwa kwa a Hakainde Hichilema. Nawonso anapambana mu 2021, ndipo thambo silinagwe. Matendawa alibe chipani, pakuti mu 2023 mlembi wamkulu wa chipani cha UPND anawatcha Arkiepiskopi wa Lusaka, Ambuye Alick Banda, dzina la mkulu wa ziwanda chifukwa cha mawu odzudzula boma. Wandale amene lero akukupatsa mwala kuti ugende mdani wake, mawa adzapatsa wina mwala wogendera iwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Achikulire a kum'mawa akukumbukira Mboni za Yehova zikwizikwi zimene zinathawira ku Sinda Misale mu 1972, zitamenyedwa ndi kutentheredwa nyumba ku Malawi chifukwa chokana kugula khadi ya chipani. Zimenezo zinachitika m'dziko lodzala ndi matchalitchi.

Pamene maso athu aloza kwa anthu ochepa amene ambirife sitinawaonepo, zinthu zazikulu zimadutsa kumbuyo kwathu. Mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi analowa mumtsinje wa Kafue, nsomba zinafa, mbewu zinapsa m'minda, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Mtsinje umenewo ndi womwewo umene umadutsa pakhomo pathu, umene umamwetsa Lusaka ndi kudyetsa asodzi athu. Mu Meyi chaka chomwecho dziko la America linalengeza kuti lidula thandizo la mankhwala lokwana madola 50 miliyoni pachaka, chifukwa mankhwala opatsidwa ulere ankabedwa n'kumagulitsidwa m'masitolo. Mankhwala a malungo, a chifuwa chachikulu ndi otalikitsa moyo, kubedwa m'dziko la Chikhristu! Aliyense adzifunse mumtima mwake: pa nkhani ya mtsinje, ya mankhwala ndi ya ku Kapiri Mposhi, ndi iti imene inamukwiyitsa kwambiri?

Yankho kwa opita patsogolo

Tiwatembenukire tsono anzathu aja amene akuti chipembedzo chikhale chete pa nkhani za dziko. Nyimbo imeneyo ife a ku Zambia tinaimvapo kale. Tili ana a sukulu, boma la chipani chimodzi linafuna kulowetsa m'masukulu chiphunzitso cha Karl Marx chosavomereza Mulungu. Mu Ogasiti 1979 maepiskopi a Katolika ndi atsogoleri a mipingo ina analemba kalata imodzi yokana, ndipo atalimbikira mpaka m'zaka zoyambirira za m'ma 1980, boma linabwerera m'mbuyo. Mu Malichi 1992 kalata ya Lenti ya maepiskopi a ku Malawi inatsegula pakamwa pa anthu amene anakhala zaka pafupifupi 30 ali chete. Nthawi imeneyo palibe wokonda ufulu amene anati ansembe abwerere ku guwa. Sikoyenera kuitana Eklezia pamene mawu ake akukukomera, n'kumuthamangitsa pamene akukuwawa. Mkhristu amene amakhoma msonkho pa geti ya Shimabala ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa za ukwati, monga alili nawo munthu wosapemphera. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unaphunzitsa mu 1965 kuti munthu asakakamizidwe pa za chikhulupiriro. Ufulu umenewo ndi wawo, ndiponso ndi wathu.

Tiwauzenso mwaulemu kuti kutcha gogo aliyense wokhulupirira ukwati wa makolo ake kuti ndi watsankho, mbuli ndi wotsalira, nakonso n'kusala. Kuopseza kuti thandizo la odwala lichotsedwa ngati dziko silisintha maganizo n'kuponya mwala womwe uja, kungoti waukulunga m'pepala lokongola. Ndipo amene mwalawo umawagwera ndi omwe aja akufuna kuwateteza, chifukwa anthu amayamba kuwaona ngati nthumwi za azungu.

Komatu ifenso tisadzinamize kuti zimenezi zinabwera pa ndege. Karoli Lwanga Woyera ndi anzake anatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kukana zilakolako za Mwanga, mfumu ya ku Buganda. Tchimo lilibe mtundu. Ndipo amaritiri amenewa tiwaonetsetse bwino: iwo anakana, anapirira, anafa, koma sanatenthe munthu.

Phunziro lina likuchokera ku Ireland, dziko limene linatitumizira ansembe ndi masisitere ambiri, mmodzi mwa iwo Ambuye James Corboy, episkopi woyamba wa Monze. Mu Meyi 2015 anthu a ku Ireland, ambiri a iwo obatizidwa mu Eklezia wathu yemweyu, anavota kuvomereza maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha, anthu 62 pa 100 alionse ovota. Zifukwa n'zambiri, koma chimodzi chachikulu n'chakuti zitaululika nkhanza zimene ana anachitidwa m'manja mwa anthu a mpingo, ndi momwe zinabisidwira, anthu analeka kukhulupirira mawu a abusa awo pa za ukwati. Eklezia amafooka pamene ana ake aona kuti pakamwa ndi manja sizikugwirizana. Pamenepa mpamene chinenezo chachitatu chija chimaluma.

M'nyumba mwathu

Tsiku lina titamaliza maphunziro a okonzekera ukwati, mayi wina wa m'bungwe la amayi anatsalira mpaka onse atachoka. Atakhala pansi anati: "Aphunzitsi, mwana wanga wa ku Lusaka wandiuza kuti iye mtima wake sukopeka ndi akazi. Bambo ake akuti asadzapondenso pakhomo. Kodi ine ndikamuphikira nsima ndiye kuti ndachimwa?" Tinawayankha kuti: "Amayi, nsima ya mwana wanu si tchimo. Muphikireni, mupempherereni, ndipo choonadi mumuuze ali m'nyumba mwanu, chifukwa akakhala kunja sadzakumvani." Tinawalangizanso kuti akaonane ndi bambo mfumu, ndipo atenge mlamu wawo kapena nkhoswe kuti akawathandize kufewetsa mtima wa bambo a mwanayo.

Mayi ameneyu sankafunsa za zikalata za ku Roma kapena za malamulo a Angelezi. Ankafunsa ngati n'kotheka kukonda Mulungu ndi kukondanso mwana amene anamubereka. Yankho la Eklezia ndi lakuti n'kotheka, ndipo n'kofunika. Mwana wothamangitsidwa pakhomo sapita kukalapa. Amapita ku msewu, ku mowa, ku matenda, ndipo ena amafika podzichotsera moyo. Mwanayo ndi wobatizidwa, dzina lake lili m'buku la parishi, ndipo mtanda umene wasenza ndi wolemera kuposa momwe oseka amaganizira.

Nanga tichite chiyani m'mabanja ndi m'miphakati yathu? Poyamba, tiphunzitse ana athu chiphunzitso chonse, osadula mutu kapena mchira: kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, kuti kudzisunga ndi udindo wa aliyense wosakwatira, ndiponso kuti munthu aliyense ali ndi ulemerero wa mwana wa Mulungu umene tchimo lililonse silingaufafanize. Mwana amene wamva zonsezi kwa kholo lake sadzatengeka ndi mphepo iliyonse ya pa intaneti.

Chachiwiri, tisamale lilime. Mayina onyoza amene anyamata amaponyerana pa siteshoni ya basi asamveke pakamwa pa Mkhristu, ngakhale mocheza. Mphekesera yakuti mwana wa uje ndi wotere imayenda ngati ija yakuti gogo wakuti ndi mfiti, ndipo tonse tikudziwa kumene mphekesera zotere zimathera. Gulu likagwira munthu kuti limumenye, malo a Mkatolika ndi pakati pa gululo ndi womenyedwayo.

Chachitatu, nthawi ya kampeni wina akabwera ndi zitenje n'kutiuza kuti mnzake wopikisana naye ndi wa satana kapena wa maukwati achilendo, timuthokoze chifukwa chodera nkhawa miyoyo yathu, kenaka timufunse za feteleza, za mankhwala m'chipatala, za madzi a mumtsinje ndi za ntchito za achinyamata m'mafakitale a ku Kafue. Za ukwati tili nawo abusa otiphunzitsa. Iye tinamuitanira ntchito ina.

Chachinayi, ngati ukwati timaukondadi, tiyambe kuuteteza pamene ukugumukadi. Zimene zikupasula mabanja ku Shimabala tonse tikuzidziwa: mowa umene umamaliza malipiro tsiku lomwe alandiridwa, zibwenzi za mseri, kumenya akazi, abambo othawa mimba zimene anapereka, ndi kukwatiwitsa ana aang'ono ngakhale kuti kuyambira Disembala 2023 lamulo limaletsa ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18. Anyani amasekana zikundu. Banja limodzi lachikhristu limene mwamuna ndi mkazi akhala mokhulupirika mpaka imvi limalalikira za ukwati kuposa zionetsero khumi za mumsewu.

Mawu otsiriza

Mu Uthenga Wabwino wa Yohane Woyera, mutu 8, timawerenga za mkazi amene anagwidwa akuchita chigololo. Amene anamubweretsa kwa Yesu analibe naye ntchito mkaziyo. Ankafuna kumutchera msampha Ambuye, kuti akamumasula amuneneze kuti waphwanya malamulo a Mose, ndipo akamuweruza amuneneze kuti alibe chifundo. Ndi msampha womwewo umene lero akutitchera, mbali ina andale, mbali ina opita patsogolo. Ambuye sanakodwe. Tchimo analitchula kuti ndi tchimo, namuuza mkaziyo kuti alisiye, koma sanalole mwala ngakhale umodzi kumugwera. Mlaliki akutiuzanso kuti oyamba kuchoka pamalopo anali akuluakulu. Ife makolo, akatekisti, atsogoleri a miphakati ndi a mabungwe, ndife akuluakulu a lero, ndipo ana athu akuyang'ana chimene chili m'manja mwathu.

Banja Loyera la ku Nazarete lipempherere mabanja athu onse, ndi ana athu onse, okhala pafupi ndi okhala kutali.